Che Bwanali ndi Mayeso a Zigawenga ku Al Dafna

Ana anga, Tiyamike ndi Madalitso, za ubwana wanga ku Ntchisi munazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo pa zaka zimene ndinalondera nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo palibe chonena, kupatula kuti ndinaphunzira kuima maola khumi ndi awiri osatsamira khoma. Mutu uno ndi wa ku Doha. Munkaona zithunzi zanga nditavala yunifolomu, kumbuyo kwanga kuli nyumba zagalasi, n'kumauza anzanu kuti bambo ali pabwino. Sindinakutsutseni. Tsopano ndapuma, mawondo akana, ndipo pali nkhani imodzi imene ngakhale mayi anu anangoimva mwapatalipatali. Ndikufuna muimve kwa ine mwini wake.

2016, Al Waab

Ndinafika ndili ndi zaka makumi anayi kudza zisanu ndi chimodzi, wamkulu pa onse amene tinakwera ndege imodzi. Kampani ya alonda inandiika pa geti la mpanda wa nyumba za mabwana ku Al Waab. Ntchito inali yokweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga msewu, kulemba nambala za magalimoto, ndi kupirira dzuwa loti ukagwira chitsulocho masana khungu limasupuka. Mnzanga wa pagetipo anali Che Bwanali a ku Machinga, amene anandiyambira ndi zaka ziwiri. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo akamaseka thupi lonse linkagwedezeka. Tsiku loyamba ndinawapatsa moni m'Chingerezi poganiza kuti ndi a ku Kenya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Akulu, Chingerezi chanucho chikununkha fodya wa ku Kanengo. Tayankhulani bwinobwino." Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti bwana akati yalla ndiye kuti fulumira, akati khalas nkhani yatha usawonjezepo, ndiponso kuti madzi uzimwa ludzu lisanakupeze. Ankanditchula aPhiri. Iwo ankapemphera Lachisanu, ine Lamulungu, koma ku kampu kumene tinkagona bedi langa linali pansi pa lawo kwa zaka zisanu, ndipo ndinkadziwa mkonono wawo kuposa wa mayi anu.

Che Bwanali ankafuna kuchoka pa kampani yathu. Tchuthi chopita kumudzi chinkaperekedwa kamodzi pa zaka ziwiri, nthawi zina n'kusunthidwanso, ndipo mwana wawo womaliza anali atayamba kuyenda asanamunyamulepo. Koma masiku amenewo sukanasintha ntchito popanda kalata yokumasula yochokera kwa bwana wako. Anaipempha kawiri, kawiri konse anawakaniza.

2018, Al Dafna

Chaka chimenechi anatisamutsira tonse awiri ku nyumba ya maofesi ya nsanjika makumi anayi ku Al Dafna. Mzinda wonse unkakonzekera mpikisano waukulu uja wa mpira wa dziko lonse lapansi, ndipo boma linali litatulutsa thandizo la ndalama loti eni nyumba zikuluzikulu ndi makampani a alonda akonzekere zigawenga. Kampani yathu inalandira nawo. Thandizolo linabwera ndi malamulo ake: panyumbapo pakhale gulu la alonda khumi ndi awiri ophunzitsidwa, ndipo tsiku lina oyendera a boma adzabwera kudzatiyesa. Tikadzapambana, thandizo lipitirira ndipo aliyense wa ife alandira satifiketi. Tikadzalephera, kampani ichotsedwa pa mndandanda.

Anatiphunzitsa ndi msilikali wopuma amene tinkangomutchula Kaputeni, munthu wa mawu ochepa. Ukaona chikwama chopanda mwini usachikhudze, ndipo usayankhule pa wailesi ya m'manja uli pafupi nacho. Anthu uwatulutsire pa masitepe, osati pa chikepe. Wovulala uyambe wamumanga pamene pakutuluka magazi, kenako umugoneke pa machira. Che Bwanali anandinong'oneza tsiku loyamba lomwelo kuti, "APhiri, dziko ili n'lachilendo. Kwathu chikwama chosiyidwa ndi mwayi, kuno ndi bomba." Ndinaseka mpaka Kaputeni anandiimiritsa kutsogolo. Mwina n'chifukwa chake anandikumbukira, pakuti patapita miyezi itatu anandisankha kukhala mtsogoleri wa gululo.

Zida zinabwera zonyezimira: makina oonera m'zikwama, zitseko zolira ukadutsa ndi chitsulo, makamera pa ngodya iliyonse. Koma mawailesi athu ankatha moto dzuwa lili paliwombo chifukwa mabatire apadera sanagulidwe, ndipo nsapato zathu zinali zomata ndi guluu. Ndikadandaula kwa bwana wathu wa panyumbapo, amene tinkamutchula Mudir, kutanthauza manejala, ankandisisita phewa n'kunena kuti mawa, inshallah, Mulungu akalola. Sanali munthu wankhanza. Nayenso anali mlendo m'dzikomo, wokhala ndi mabwana ake omuopseza. Loweruka lililonse tinkatsika masitepe a nyumbayo titanyamula chidole cholemera ngati munthu wamkulu, ndipo Che Bwanali, pokhala amphamvu pa tonse, malo awo anali kutsogolo kwa machira, kumene kulemera konse kumatsamira potsika.

2020

Mayeso athu anayenera kuchitika kumayambiriro kwa chaka chimenechi, koma mliri unafika. Maofesi anatsekedwa, nyumba yonse inangoti zii, ife n'kumalondera mipando. Atayamba kubwerera anthu, anatipatsa kachida kooneka ngati mfuti koyezera kutentha kwa thupi pachipumi. Kakawala mobiriwira munthu alowe, kakawala mofiira abwerere. Ine monga mtsogoleri ndinkayeza kaye gulu langa m'mawa uliwonse tisanakwere basi ya ku kampu, n'kulemba papepala lopita kwa Mudir. Wopezeka ndi matenda ankatengedwa kukabindikiritsidwa masabata awiri, pamodzi ndi onse ogona naye chipinda chimodzi.

M'mwezi wa Seputembala kunabwera lamulo latsopano loti wantchito atha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wake. Tsiku limene nkhaniyi inatsimikizika, Che Bwanali anavina m'chipinda atavala thawulo lokha. "APhiri, khalas! Ukapolo wa kalata watha. Ine ndikupanga resign." Anali atamva kale kuti kampani ina ikulemba alonda a bwalo la mpira latsopano la ku Al Thumama: maola asanu ndi atatu patsiku, tchuthi chaka chilichonse. Atapita kukafunsa, anawauza kuti akufuna okhawo okhala ndi satifiketi ya boma ya zokonzekera zigawenga. Choncho anadikira. Anzathu ena amene ankaphunzira nafe monga oonjezera sanadikire, anapita kumahotela ndi kumasitolo. Pofika kumapeto kwa chaka tinatsala khumi ndi awiri enieni, popanda wolowa m'malo mwa mnzake.

Malichi 2021

Kalata inabwera yoti oyendera afika Lachitatu m'mawa. Mliri unali utabukanso mwamphamvu mwezi umenewo. Mudir anandiitanira mu ofesi yake, natseka chitseko. "Phiri, akufuna anthu khumi ndi awiri amene mayina awo ali pa pepala lawo. Akasowa mmodzi sayesa, ndipo tsiku lina satipatsanso. Ine andichotsa, inu masatifiketi muiwale. Mafi mushkila?" Mawu amenewa amatanthauza kuti palibe vuto. Ndinayankha kuti palibe vuto, bwana.

Lolemba ndinamva Che Bwanali akutsokomola, iwo n'kunena kuti ndi fumbi. Lachiwiri anakana chakudya. Lachitatu m'mawa, titafola pamzere pafupi ndi basi, anaima kumapeto kwenikweni. Ndinayeza onse, n'kufika pa iwo anzathu atakwera kale. Tsitsi lawo linali lonyowa, zikuoneka kuti anali atathira madzi ozizira kumutu. Ndinaloza kachida kaja pachipumi. Kanawala mofiira. Ndinakapukuta pa malaya, n'kulozanso. Mofiira.

"Che Bwanali, mwadwala inu."

"Ndi malungo a kwathu amenewa, aPhiri. Ndamwa panado awiri. Pofika ku Dafna akhala atatsika."

"Malungo a kwathu awapeza bwanji kuno zaka zitatu musanapiteko? Ndikuyenera kupanga report."

Anandigwira dzanja limene linali ndi cholembera. Chikhatho chawo chinali ngati mbale yochoka pamoto. "Akulu anga, maola atatu okha. Tikangomaliza ndipita ndekha ku chipatala, wallah, ndikulumbira. Mukalemba zofiira anditenga ine, akutengani inu, atenga chipinda chonse. Anthu khumi ndi awiri avutika zaka zitatu pa masitepe aja. Mukufuna adzandiloze chala kuti Bwanali ndiye anatitayitsa? Nanga mwana wanga uja ndidzamuone ali ndi ndevu?"

Woyendetsa basi analiza hutala. Ana anga, sindikufuna kudzikometsera. Ndinkadziwa chimene kuwala kofiira kuja kunkatanthauza mwezi umenewo. Ndinkadziwa kuti m'basimo muli anthu ena khumi, ndi kuti pa masitepe tidzapumirana. Zaka zitatu anandiphunzitsa kuti ukaona choopsa usachinyengerere, uchinene msanga. Koma inenso ndinkaifuna satifiketi ija, ndipo ndinkaopa nkhope ya Mudir. Chisoni cha mnzanga chinalipo, inde, koma sichinali chokha. Ndinalemba papepala kuti onse ali bwino. Che Bwanali ndinawauza kuti avale mamasiki awiri ndipo akhale pafupi ndi zenera.

Titafika tinapeza apolisi, ozimitsa moto ndi ambulansi imodzi yobwera kudzakometsera seweroli. Ndinayesa kuwasinthira Che Bwanali ku chitseko cha pansi kuti asanyamule kanthu, koma woyendera anayang'ana pepala lake nati aliyense akhale pamalo amene analembedwa. Belu linalira. Chikwama chabodza tinachipeza pa nsanjika ya makumi atatu ndi imodzi, tinatchinga malowo, anthu a m'maofesi anayamba kutsika mwadongosolo. Kenako anatiuza kuti bomba laphulika, wovulala ndi uyu, ndipo anatiloza chidole chija. Tinachimanga bala, n'kuchigoneka pa machira. Che Bwanali anagwira kutsogolo monga mwa nthawi zonse. Ine ndinkayenda pambali ndi wailesi.

Nsanjika khumi zoyamba anatsika bwino. Kenako ndinayamba kumva mpweya wawo ukulira m'masiki ngati mpope wa njinga wobooka. Malaya anamatirira kumsana. Pa nsanjika ya khumi ndi ziwiri bondo linagwada, machira anapendekera, ndipo ndinati, "Ndipatseni, ndigwire ine." Anapukusa mutu osandiyang'ana. Woyendera anali pambuyo pathu ndi wotchi m'manja. Che Bwanali anadzuka, n'kupitiriza. Tinatulukira panja nthawi isanathe. Oyendera anaomba m'manja, Kaputeni anandigwira chanza koyamba chiyambire, Mudir ankangomwetulira aliyense.

Nditacheuka ndinaona Che Bwanali atakhala pansi m'mbali mwa msewu, atatsamira tayala la ambulansi ija. Anali atavula masiki. Milomo inali yotuwa ngati phulusa. Ndinagwada pafupi nawo, iwo anafunsa kuti, "Tapasa?" Ndinati tapasa. Anati, "Ndiye aitaneni anthu awa, aPhiri. Mpweya ukukana." Anamwino amene anabwera kudzanyamula chidole ananyamula mnzanga. Sanandilole kukwera nawo.

Madzulo omwewo gulu lonse anatiyeza. Ine ndi anzathu awiri anatipeza nawo matendawa, ndipo anatitsekera aliyense m'chipinda chake. Awiriwo anachira, mmodzi atagonako m'chipatala. Ine ndinangomva mutu ndi kusamva fungo. Palibe amene anandifunsa za pepala lija. Adokotala anafunsa Che Bwanali kuti anayamba liti kudwala, iwo anati tsiku lomwelo masana, pa masitepe. Che Bwanali anandiuza okha zimenezi pa foni, mawu akudukaduka, kuti ndisade nkhawa. Masiku anayi oyamba ankatumiza mauthenga a mawu. Uthenga womaliza unali waufupi: "APhiri, akuti andigoneka kuti makina azindipumira. Nsapato zanga zili pansi pa bedi lanu, musaziponde." Anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chinayi.

Maliro sanapite kumudzi. Anzawo a ku mzikiti anawaika kumanda a kunja kwa mzinda mawa lake, ine ndikadali wotsekeredwa. Ananditumizira chithunzi cha mulu wa mchenga ndi kachikwangwani. Kampani inali itadziwitsa kale achibale, koma mwambo unafuna kuti ine, amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi, ndiyankhule ndi akazi awo, Abiti Saidi. Ndinaimba. Ndinati matenda anabwera mwadzidzidzi, madokotala anayesetsa. Iwo sanafunse kalikonse. Ankangoti, "Zikomo, achimwene, zikomo," kumbuyo kukumveka akazi akulira.

2021 mpaka 2022, Al Thumama

Masatifiketi anabwera patapita mwezi. Mudir anandipatsa awiri, yanga ndi ya Che Bwanali, osandiyang'ana m'maso. Thandizo la boma linapitirira, ndipo chaka chimenecho mabatire anagulidwa. Satifiketi ya Che Bwanali ndinaitumiza kumudzi pamodzi ndi katundu wawo. Yanga ndinaisunga m'chikwama miyezi iwiri, kenako ndinapita nayo ku kampani ya ku Al Thumama ija. Anandilemba tsiku lomwelo. Iyi ndiyo ntchito imene munkainyadira kwambiri, imene inandibweretsa kumudzi pa Khirisimasi ija Madalitso atalemba mayeso. Maola asanu ndi atatu, tsiku lopuma sabata iliyonse, zonse monga anankanenera Che Bwanali. Nthawi ya mpikisano ndinaima pa geti langa, anthu a mitundu yonse akudutsa ndi mbendera ndi ng'oma, ine ndikuyang'ana m'zikwama zawo. Palibe choipa chimene chinachitika. Akuluakulu anatiyamikira kuti kukonzekera kwathu ndiko kunachititsa, ndipo mwina n'zoona. Sindinganene kuti maphunziro aja anali achabe. Koma chimene ndikudziwa n'chakuti pa zaka zonse zimene ndinakonzekera zigawenga, munthu mmodzi yekha ndi amene anafa m'manja mwanga, ndipo ndinamulembera ndine kuti ali bwino.

2023, Machinga

Nditabwerako kotheratu ndinakhala miyezi inayi ndikuzengereza. Tsiku lina ndinauza mayi anu kuti ndikukapepesa maliro, ndinakwera basi ya ku Liwonde, kenako minibasi ya ku Ntaja, n'kumalizira pa kabaza. Ndinawapeza Abiti Saidi akupeta mpunga pakhonde, mayi woonda, wovala mpango woyera. Anandiyalira mkeka, tinapatsana moni wautali, ndinapereka chipepeso changa. Achimwene awo a malemu anakhala nafe pang'ono, kenako anapita kukapemphera masana. Pamenepo ndinati, "Mayi, sindinabwerere chipepeso chokha. Zimene ndinakuuzani pa foni sizinali zonse."

Ndinafotokoza kuyambira pa mzere wa basi mpaka pa tayala la ambulansi. Sindinabise za satifiketi yanga, ngakhale za ntchito ya ku Al Thumama. Iwo anasiya kupeta, lichero lili pamiyendo, nkhuku zikutola mpunga wogwa osaziingitsa. Nditamaliza ndinati, "Ndikanalemba zoona, bwenzi atapita kuchipatala m'mawa womwewo osanyamula kanthu. Mwina bwenzi alipo. Ndinene chiyani kwa inu, sindikudziwa."

Anaika lichero pansi. Kenako anafunsa, "Basiyo inkanyamuka nthawi yanji?"

Ndinati sikisi koloko ya kumeneko.

"Ndiye kuti anandiimbira asanatuluke m'chipinda. Kuno kunali kusanache bwino." Anakonza mpango wawo. "Anandiuza kuti thupi likuwotcha, chifuwa chikuwawa. Anati, Abiti, ndipite kapena ndigone? Ine ndinati pitani, bambo, mwapirira zaka zonsezi, tsiku limodzi likulepheretseni? Ndinawauza choncho ine. Ndinkafuna abwere adzakhale ngati amuna a anzanga." Misozi inkatsika koma mawu sanasinthe. "Zaka ziwiri izi sindinauze munthu, ngakhale mayi anga. Ndimadzuka nazo, ndimagona nazo, kuti ndinawapha ndekha. Lero mukundiuza kuti tinalipo awiri."

Ndinayembekezera kutukwanidwa kapena kukhululukidwa, ndipo zonse ziwiri ndinali nditazikonzekera m'basi monse. Izi sindinazikonzekere. Tinakhala pamenepo, iwo mbali iyi ya khonde ine mbali inayo, tikulira ngati maliro achitika dzulo, mpaka achimwene aja anabwerako kumzikiti n'kutipeza choncho. Anaima pabwalo osamvetsa, nafunsa ngati kwabweranso uthenga wina woipa. Abiti Saidi anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, nanyamula lichero lawo.

"Ayi," anatero. "Ndi womwe uja. Wangofika lero."